Musanakwere phiri kukapemphera, dzerani kaye pa okala pomwe muli ndi ngongole

Kwa miyezi 7 ndinkazungulira njira popita kutchalitchi. Njira yachidule yochokera kunyumba kwathu ku Kawale imadutsa pa okala ya mayi wina wamasiye, ndipo m'kabuku ka ngongole ka mayiwo mudali dzina langa. Kadali kakope ka ana asukulu kothothoka chikuto, bolopeni atamangirira ndi ulusi. Pa tsamba langa padali shuga, sopo, mazira, mafuta ophikira, buledi wa ana popita kusukulu, ndi K10,000 yomwe adandibwereka pamanja usiku wina mwana atatentha thupi. Zonse pamodzi K38,500. Ndikafika pamphambano ndinkakhotera kumanzere, n'kudzera kuseri kwa chigayo, Baibulo lili kukhwapa.

Chidali chaka cha 2023, ndipo ndi chaka chomwe ndinkadziona kuti ndakula kwambiri mu uzimu. Mu Januwale ndidasala kudya masiku 21. Ndidakwera phiri la Bunda kawiri kukachezera kupemphera pamodzi ndi anzanga. Ndidali ndi kope lomwe ndidalembamo zolinga za chaka: kuwerenga Baibulo lonse kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, kudzuka 4 koloko m'bandakucha, kusiya kupsa mtima, kuyamba kabizinesi, kupeza puloti. Zonsezi ndi zabwino, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo kuti ndidazilemba. Koma m'kope lonselo mudalibe mzere ndi umodzi womwe wonena za mayi a pa okala aja.

Kumapeto kwa Novembala mapemphero a pakati pa sabata adachitikira kunyumba kwathu, ndipo wogawa mawu ndidali ine. Nditayamba kale kulankhula ndidaona mayi aja akulowa, n'kukhala pamphasa kumapeto kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Mutu wanga udali wa kukhulupirika m'zinthu zazing'ono. Lilime lidalemera, koma ndidamaliza. Anthu akubalalika, mayiwo adadikira mpaka pakhomo patatsala ife awiri, n'kunena motsitsa mawu: "Abambo, mawu aja ndi abwino, andilimbikitsa. Koma mawa ndimafuna ndikapikule katundu m'tauni, ndiye ndalama yaperewera. Zinthu zakwera, abambo." Sadatchule chiwerengero, sadandikalipire. Adaombera m'manja n'kumapita.

Kuyambira usiku umenewo maganizo anga pa nkhani ya kukula m'chikhulupiriro adasintha, ndipo ndiwanena mosapsatira. Munthu amene akufuna kusintha moyo wake pamaso pa Mulungu ayambire pa zomwe ali nazo za anthu ena. Kusala kudya, kuchezera m'phiri, kulemba masomphenya, kupita ku misonkhano ya chitsitsimutso, zonsezi zili ndi malo ake. Koma ngati zikuchitika pamene wogulitsa makala, mlamu, wantchito wa pakhomo kapena gulu la banki mkhonde akudikira ndalama zawo kwa munthu yemweyo amene wasiya kuyankha foni, ndiye kuti kukulako kukungochitika m'mutu mwa mwiniwakeyo. Amene amakhala naye pafupi sakukuona.

Nkhani ya Zakeyu pa Luka 19 tidaiphunzira tili ana ku Sande sukulu, ndipo ambiri tidangogwirapo zoti adali wamfupi ndipo adakwera mumkuyu. Chomwe timadumpha ndi zomwe adachita atatsika. Zakeyu adali mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, ndipo chuma chake chidachokera m'matumba a anthu a mumzinda womwewo. Yesu atalowa m'nyumba mwake, Zakeyu sadalonjeze kuti azipemphera kwambiri. Adaimirira n'kunena ziwerengero: theka la chuma chake lipita kwa osauka, ndipo aliyense amene adamulanda kanthu monyenga amubwezera kanayi. Ndi atatha kunena zimenezi pamene Yesu adalengeza kuti chipulumutso chafika m'nyumbamo. Tangoganizani m'mawa mwake ku Yeriko: munthu amene anthu ankamuthawa akugogoda khomo ndi khomo, thumba la ndalama lili m'manja. Anthu a ku Yeriko sadafunike umboni wa pa guwa kuti adziwe kuti Zakeyu wasintha.

Ndipo Zakeyu sadapeke zimenezi. Chilamulo chomwe adakulira chidali chitanena kale. Pa Eksodo 22, wakuba nkhosa n'kuipha kapena kuigulitsa ankabweza nkhosa 4. Pa Levitiko 6, munthu amene wanyenga mnzake pa chinthu chomusungitsa kapena chobwereka ankayenera kubweza chonsecho, n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiponso kubwera ndi nkhosa yake ya nsembe kwa wansembe. Nsembe yokha sinkakwanira. Yesu adabwereza mfundo yomweyi pa Mateyu 5: ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya choperekacho pomwepo, pita ukayanjane naye, kenako ubwere. Ife tidatembenuza dongosolo. Timathamangira kupereka chakhumi ndi kufesa mbewu kwa mneneri ndi ndalama yomwe mwini wake akuidikira, n'kumayembekezera kuti Mulungu aichulukitsa kuti tidzabweze tsiku lina. Imeneyo ndi nsembe ya nkhuku ya eni.

Yohane Mbatizi nayenso anthu atamufunsa kuti achite chiyani posonyeza kulapa, sadawatumize kuchipululu kukasala kudya ngati iye. Okhometsa msonkho adawauza kuti asamalipiritse zoposa zomwe adalamulidwa. Asilikali adawauza kuti asamalande za anthu moopseza ndipo azikhutira ndi malipiro awo. Wokhala ndi malaya awiri agawireko amene alibe. Yankho lililonse lidali lokhudza zomwe munthu amachita ndi katundu wa mnzake pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Nanga n'chifukwa chiyani timakonda kukula kwa mtundu wina uja? Ndikayang'ana mtima wanga wa nthawi imeneyo, yankho ndi losavuta. Kukwera phiri kumatopetsa miyendo, koma kumakweza mtima. Umatsika ukudzimva kuti ndiwe munthu watsopano, anzako akukutcha munthu wa Mulungu. Kupita pa okala ndi K5,000 m'manja, n'kukanena kuti pepani ndakhala ndikukuzembani, kumatsitsa. Palibe amene amakuombera m'manja. Mauthenga a m'mawa omwe timatumizirana pa WhatsApp, mabuku a momwe ungatukulire moyo wako omwe amayalidwa m'misewu ya m'tauni, maulaliki a usiku wolowera chaka chatsopano, pafupifupi onse amalankhula za zomwe iwe ulandire: kukwezedwa pantchito, visa, banja, galimoto, nyumba. Sindidamvepo mlaliki wa pa 31 Disembala akulengeza kuti chaka chikubwerachi ndi chaka chobweza za eni. Akadatero, mwina mipando ikadatsala yambiri, koma mu Januwale misika yathu ikadapuma.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo amene adati alibe chipembedzo adali pafupifupi 2 okha mwa anthu 100 alionse. Ndife dziko lopemphera, ndipo timanyadira kudzitcha oopa Mulungu. Koma ndi m'dziko lomweli momwe mudachitika Cashgate mu 2013, ndalama za boma mabiliyoni zikutuluka ku Capital Hill polipira katundu ndi ntchito zomwe sizidaperekedwe. Ndi m'dziko lomweli momwe magulu a banki mkhonde amatsegula ndi pemphero, kutseka ndi pemphero, koma pofika Disembala nthawi yogawana amapezeka akukanganirana ziwiya ndi malata a membala amene watenga ngongole n'kusowa. Wakuba mabiliyoni ndi wozemba K38,500 ndi osiyana pa kukula kwa chiwonongeko, ndipo sindikuwayeza pa sikelo imodzi. Koma chizolowezi cha mtima ndi chimodzi: kutha kuimba nyimbo ya Mulungu mokhudzika kwinaku cha mwini chili m'thumba, osamva kulemera kwake. Munthu amaphunzira zimenezi pa okala asadafike ku ofesi.

Ndikudziwa zomwe ena anene, chifukwa ena adandiuza kale pamaso. Mbale wina wa mumpingo adati: "Achimwene, mukubwezeretsa anthu ku chilamulo. Tidapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito." Akunena zoona, ndipo Aefeso 2 imanenadi choncho. Koma nkhani ya Zakeyu ikugwirizana nazo bwino lomwe. Yesu ndiye adayamba kumuitana ali mumtengo, asadabweze ngakhale khobidi. Adakalowa m'nyumba mwake anthu akung'ung'udza. Chisomo chidafika poyamba, kubweza kudatsatira. Palibe amene akunena kuti kubweza ngongole kumagula chipulumutso. Funso langa ndi lakuti: chisomo chomwe chalowa mumtima koma osafika m'thumba, chalowadi? Mutu womwewo wa Aefeso, vesi 10, umati tidalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Ndipo pa mutu 4 Paulo akuti wakuba asabenso, koma agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi chogawira osowa. Kusintha komwe Paulo akukunena kumaoneka m'manja: dzanja lomwe linkatenga liyambe kupereka.

Kutsutsa kwachiwiri ndi kolemera kwambiri, ndipo sindikufuna kukupeputsa. Anthu ambiri sabweza chifukwa alibe. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo pakati pake, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adasesa minda ndi nyumba m'chigawo cha kummwera. Malipiro a ambiri sadakwere mofanana ndi mitengo. Kuuza mayi amene ana ake agona ndi njala kuti uzimu wake ndi wopelewera chifukwa ali ndi ngongole ndi nkhanza, ndipo si zomwe ndikunena. Pali kusiyana pakati pa wolephera ndi wozemba. Wolephera amapita kukaonekera, n'kunena kuti mwezi uno zavuta, landirani K1,000 iyi, yotsalayo ndikukumbukira. Wozemba amasintha njira, amasintha nambala, amati "ndikutumizirani pa Mpamba madzulo ano" akudziwa kuti satumiza. Ine sindidali wolephera. M'miyezi 7 imeneyo ndidapeza ndalama ya minibasi yopitira ku Bunda, ya mayunitsi, ya yunifolomu ya kwaya. Chomwe chidandigwira ndi manyazi, ndipo manyaziwo ankakula sabata iliyonse yomwe ndidazemba. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kugwa kwa kwacha komweko ndi kumene kudanditsegula maso pa chinthu china. Katundu amene ndidatenga pa okala mu Meyi, mayi aja sakadatha kumupikulanso ndi ndalama yomweyo mu Disembala. Mwezi uliwonse womwe ndidachedwa, mpamba wawo unkachepa. Ngakhale ndikadabweza K38,500 yonse tsiku limodzi, ndikadakhala nditawadyerabe. Apa ndi pomwe lamulo la pa Levitiko lija, lowonjezera gawo lachisanu, lidasiya kuoneka ngati mwambo wakale wa Ayuda. Wochedwetsa cha mnzake wamulanda nthawi ndi phindu lomwe akadapeza, ndipo Mulungu adaziwerengera.

Mbali inayo nayonso ili ndi mlandu wake. Pali Akhristu amene amakongoza abale awo a mumpingo mwa katapila, chiwongoladzanja cha theka pa mwezi, kenako n'kukalanda mbuzi kapena njinga. Nehemiya, pa mutu 5 wa buku lake, adakalipira akuluakulu a Yerusalemu chifukwa cha zomwezi, anthu atafika popinyolitsa minda ndi kugulitsa ana awo ukapolo kuti apeze chakudya ndi msonkho, ndipo adawalumbiritsa kuti abweze minda ija. Pa Mateyu 18 pali kapolo amene adakhululukidwa matalente 10,000 koma n'kukagwira pakhosi mnzake wa madinari 100. Kwa wokongoza, kukula mu uzimu mwina ndi kutenga bolopeni n'kufufuta dzina la wamasiye amene akudziwa kuti sadzatha kubweza.

Wina anganene kuti ndachepetsa chikhulupiriro, ndachisandutsa nkhani ya ndalama. Ndayambira pa ndalama chifukwa ndi zomwe sizinama. Munthu akhoza kudzinyenga kuti wakula m'chikondi kapena m'kudzichepetsa, popeza palibe sikelo yoyezera. K38,500 ndi K38,500. Wabweza kapena sudabweze. Koma ukangoyamba kulemba mndandanda wa za eni, umapeza kuti sizithera pa ndalama. Pali mtsikana wantchito amene amalandira malipiro pa 15 mwezi wotsatira, pamene Deuteronomo 24 imati waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisadalowe, ndipo Yakobo 5 imati malipiro obisidwa a okolola amafuula mpaka kumwamba. Pali mwana amene bambo ake ndi mkulu wa mpingo kwina, koma sadamugulirepo ngakhale kope. Pali mayi wa kunyumba amene adanyozedwa pamaso pa alendo zaka zitatu zapitazo ndipo mawu oti pepani sadawamvebe. Pali khasu, wilibala, buku la nyimbo, zomwe tidabwereka n'kuzisandutsa zathu. Pali mbiri ya mnzathu yomwe tidaiipitsa pa gulu la WhatsApp, ndipo titadziwa kuti nkhaniyo idali yabodza tidangokhala chete.

Zimenezi si zachilendo m'mbiri ya mpingo mu Africa muno. Chitsitsimutso chomwe chidabuka ku Gahini m'dziko la Rwanda m'zaka za m'ma 1930, n'kufalikira ku Uganda, Kenya ndi Tanganyika, chidadziwika ndi chinthu chimodzi chomwe ngakhale osapemphera adachiona: otembenuka mtima, omwe ankatchedwa abalokole, ankaulula machimo awo poyera ndi kubweza zomwe adaba, kwa mabwana awo, kumasitolo, kwa anansi. Chiphunzitso cha Akatolika chimanenanso momveka kuti kulapa tchimo la kuba kumafuna kubweza chobedwacho. Abale athu Achisilamu ali ndi umboni wawo: ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, sura 2 ndime 282, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ngakhale pa maliro ambiri kwathu kuno, woimira banja amalengeza kuti amene malemu adali naye ngongole, kapena amene adakongola kwa malemu, akaonane ndi akubanja. Timadziwa tonse kuti mlandu suwola. Chodabwitsa n'chakuti timadikira bokosi kuti tiukambe.

Pempho langa kwa abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi atsogoleri a miphakati ndi milaga ndi lakuti nkhaniyi ilowe m'maphunziro a kukula mu uzimu, pafupi ndi pemphero ndi kuwerenga Mawu. Pokonzekera Mgonero wa Ambuye, m'nyengo ya Lenti, m'masiku osala a Januwale, anthu afunsidwe mwachikondi: muli ndi cha yani? Asawerengedwe maina paguwa, chifukwa kuchititsa munthu manyazi pagulu sikubala kulapa. Koma mkulu wa mpingo akhoza kuperekeza munthu amene miyendo ikumulemera kupita kwa amene adamukongoza, n'kukhala mboni ya pangano la kabwezedwe. Ndipo mpingo umene ukulandira chopereka chachikulu kwa munthu amene mudzi wonse ukudziwa kuti salipira antchito ake, uzikhala ndi mtima womuitanira pambali.

Ine ndidapita pa okala Loweruka la sabata yomweyo, m'mawa anthu asadachuluke. Ndidapereka K5,000, n'kunena kuti: "Mayi, ndakulakwirani. Ndalama ndinkaipeza pang'ono pang'ono, koma ndinkakuzembani. Ndizibwera Loweruka lililonse." Adandiyang'ana kanthawi, n'kutsegula kabuku kaja, n'kulemba tsiku ndi ndalamayo m'munsi mwa dzina langa. Januwale ndi Febuluwale idali miyezi yowawa, ufa utakwera, fizi ya ana ikufunika. Masabata ena ndinkapita ndi K2,000 yokha, kapepala kamodzi ka nkhope ya John Chilembwe, mbusa amene mishoni yake ya ku Mbombwe ku Chiradzulu inkaphunzitsa pemphero pamodzi ndi ntchito za manja. Sabata imodzi ndidapita chimanjamanja, kukangonena kuti lero ndilibe. Sabata imeneyo ndi yomwe idandivuta kuposa masiku 21 osala aja.

Ndidamaliza mu Malichi 2024. Nditawonjezera K7,700 ya gawo lachisanu, mayiwo adakana, amvekere: "Iyayi abambo, ine si wakatapila." Ndidawafotokozera za mitengo ya mu Meyi ndi ya tsikulo, ndipo titakambirana adalandira, n'kundiponyera mpukutu wa buledi m'jumbo kuti ndikapatse ana. Kenako adakoka bolopeni ya pa ulusi ija n'kudula mzere kuchokera pamwamba pa tsamba mpaka pansi.

M'kope langa la zolinga, tsamba loyamba tsopano limakhala la maina. Chaka chino lidayamba ndi maina 4, ndipo latsala limodzi: mlamu wanga wa ku Ntcheu, amene adandibwereka matumba awiri a chimanga chaka cha njala, ine n'kumangoti tidzaonana tikakolola. Ndamuimbira kale foni kuti ndifika kumapeto kwa mwezi uno, ndipo matumbawo ndagula, ali pakona m'chipinda chochezera.